Anthu awiri basi, nanga phokoso lonselo likuchokera kuti?

Achimwene ena andilembera imelo, akuti anamva nyimbo ya Lonely Boy ya The Black Keys pa YouTube ndiye akufunsa ngati ndi zoona kuti bandi imeneyi ndi ya anthu awiri okha, komanso bwanji anzawo ena akuinyoza kuti itatchuka inasiya blues yeniyeni nkumathamangira ndalama.

Achimwene, ndi awiridi. Dan Auerbach ndi amene amayimba komanso kuliza gitala, Patrick Carney ndi wa ma drums. Onse ndi a ku Akron ku Ohio, tawuni ya mafakitale a matayala, kwawo kwa Goodyear, ndipo anayamba mu 2001. Koma nyimbo yomwe mwamvayo ndi ya mu 2011 pa chimbale cha El Camino, pamenepo zinthu zinali zitasintha kale, mumamveka bezi ndi kiyibodi zomwe anawonjezera mu situdiyo, ngakhale pa steji masiku amenewo ankatenga oyimba ena owathandiza. Ndiye khutu lanu silinakunamizeni ayi.

Mukafuna kumva awiri okhawo bwererani kumbuyo. Chimbale cha The Big Come Up cha 2002 anajambulira mchipinda chapansi kunyumba kwa Carney, Thickfreakness ya 2003 chimodzimodzi, anaimaliza mu maola 14 okha, kenako Rubber Factory ya 2004 anakajambulira mufakitale yakale ya matayala yomwe inasiyidwa. Gitala yake ndi yokhakhala, yolira mwaukali ngati amplifaya yatsala pang'ono kupsa, ma drums akugunda mopanda ulemu, nyimbo zambiri bezi mulibe koma simuisowa chifukwa Auerbach amakanda zingwe zokhuthala zija ndi chala chachikulu kwinaku zala zinazo zikuliza nyimbo.

Kalizidwe kameneka sanayambitse iwo. Anakatapa kwa madala a kumpoto kwa Mississippi, makamaka Junior Kimbrough ndi R.L. Burnside, blues yomwe amaitcha hill country. Iyi siyendayenda makodi ambiri, imangokakamira pamodzi nkumabwereza, kubwereza, mpaka mutu umayamba kugwedera wokha usakudziwa. Ine ndimaona kuti chinsinsi chonse chagona pamenepa, nyimbo yobwereza chonchi siifuna gulu, anthu awiri ogwirizana kugunda akukwana. Anyamatawa sanabisenso, mu 2006 anatulutsa Chulahoma yomwe ndi nyimbo za Kimbrough zokhazokha, ndipo kampani ya Fat Possum yomwe inawatulutsira zimbale ziwiri ndi yomweyo inkatulutsa madala aja.

Zoti anathamangira ndalama, eya mbali ina anzanuwo sakunama. Analola nyimbo zawo kulowa mu ma advert a pa TV ndi mmafilimu, anthu ambiri anawadziwira momwemo. Mu 2008 anayamba kugwira ndi producer Danger Mouse pa chimbale cha Attack & Release, nyimbo zinayamba kusalala, ma chorus ogwira msanga. Brothers ya 2010, yomwe mbali yaikulu anajambulira ku Muscle Shoals ku Alabama, ndi imene inawaphulitsa ndi nyimbo ya Tighten Up, mphoto za Grammy zinabwera, anasamukira ku Nashville, Turn Blue ya 2014 inafika nambala wani ku America. Koma taganizani, anthu ayenda zaka pafupifupi khumi pa kagalimoto, kuyimba mmabala ang'onoang'ono, ndiye akane ndalama kuti asangalatse ndani? Ine sindiwada. Chomwe chimandibowa ndi chakuti zimbale zina zaposachedwa zimangomveka zofanana, zaukhondo kwambiri, fumbi lija linachoka. Mu 2024 mpaka anaimitsa tour yawo ya mmaholo akuluakulu ku America, nkhani inali mkamwamkamwa yoti matikiti sanayende bwino.

Ndiye yambani ndi Thickfreakness, kenako Brothers, mukatero mupeze Delta Kream ya 2021 pomwe anabwereranso ku nyimbo za Kimbrough ndi Burnside, akuyimba ndi Kenny Brown ndi Eric Deaton omwe ankayimba ndi madalawo. Anzanu aja muwaikire imeneyo kaye musanayambe kukangana nawo.