Usathamangire chinkhoswe ndi mnyamata wakumwa

Mdzukulu wanga wina wandifunsa kuti: "Agogo, ndawerenga buku lachikondi la nkhani yamakedzana. Mwamuna wa m'nkhaniyo anali chidakwa, koma mkazi wake anapirira mpaka mwamunayo anasiya mowa. Bwenzi langanso limamwa kwambiri, ndipo likufuna tichite chinkhoswe. Ndivomere kuti ndikalisinthire m'banja?"

Mwana wanga, buku lotere ndi chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Wolemba amadumpha zaka khumi za misozi ndi tsamba limodzi, koma iwe udzaziwerenga usiku ndi usiku, ndiwo zitazizira pamoto.

Ndinaziona pa mlongo wanga. Anabwera ku Joni ndi bulangete, wailesi ndi njinga, zonse zinathera kwa amayi otcheza kachasu. M'mawa manja ankanjenjemera mpaka tiyi kutayikira pa malaya. Alamu anga ankamukonda, palibe angatsutse, koma chikondicho sichinatseke botolo. Anasiya yekha atagonekedwa m'chipatala, atavomera ndi pakamwa pake kuti mowa wamugonjetsa.

Ngakhale Bill Wilson wa ku America, amene anayambitsa Alcoholics Anonymous (bungwe la anthu othandizana kusiya mowa) pamodzi ndi Dr. Bob Smith mu 1935, anakwatira Lois mu 1918 koma anasiya kumwa mu 1934. Zaka 16 mayi uja akupirira! Chimene chinalimbitsa mwamunayo ndi kucheza ndi zidakwa zinzake zofuna kusiya.

Kale mowa unali ndi malo ake: pa dima tikamaliza kulima, pa sadaka, pa ukwati. Chipanda cha masese chinkazungulira akuluakulu, mnyamata osayandikira. Lero mwana amamwa yekha kuseri kwa golosale, m'mimba mulibe kanthu.

Tsono chinkhoswe chidikire. Uwauze atsibweni ako zonse, usabise chifukwa cha manyazi, pakuti ankhoswe amene sakudziwa chilonda sangadzakuthandize. Mnyamatayo umuuze ali bwinobwino, osati ali ndi matsire, kuti akaonane ndi achipatala kapena a St John of God, amene amathandiza ofuna kusiya mowa, ku Mzuzu kapena ku Lilongwe. Ngati amamwa tsiku lililonse asasiye mwadzidzidzi payekha, chifukwa ena amakomoka ndi kugwa ngati akhunyu.

Uone ngati apitako ndi miyendo yake, iwe osamukoka. Papite dzinja ndi chilimwe, malipiro akufika kunyumba osathera panjira. Ndipo ngati anakukwezerapo kale dzanja ataledzera, ubwere undiuze lero lomwe, tikakhale pansi ndi amayi ako.