Kasitima kokwera phiri ndi madzi

Funso: Akonzi, mwana wanga amene akugwira ntchito ku Germany wanditumizira kanema pa WhatsApp wa kasitima kachikasu kokwera phiri mumzinda wa Wiesbaden. Akuti kalibe injini, kamayendera madzi basi. Ndinagwira ntchito ya umakaniko zaka zambiri, koma izi zandizunguza mutu. Kodi n'zoona?
Bambo wa ku Chirimba, Blantyre

Yankho: Bambo, mwana wanuyo sanakunamizeni. Kasitimako dzina lake ndi Nerobergbahn, ndipo kanayamba kuyenda m'chaka cha 1888.

Poti ndinu makaniko, tiyambire pa kayendedwe kake. Mabogi alipo awiri, omangidwa ku chingwe chimodzi chachitsulo chimene chimazungulira pa gudumu lalikulu pamwamba pa phiri. Bogi lomwe lili kumtunda amalithira madzi m'thanki yake, mpaka malita 7,000, molingana ndi kuchuluka kwa anthu amene akwera bogi lakumunsi. Likalemera limayamba kutsetsereka, n'kumakoka linzake lija, ndipo awiriwa amapatukirana pakati pa njira. Likafika kumunsi amakhuthula madziwo, pampu n'kuwabwezera kumtunda. Ntchito yaikulu ya dalaivala ndi ya mabuleki: pakati pa njanji pali chitsulo chokhala ndi mano chimene gudumu la mabuleki limalumapo. Njirayo ndi ya mamita 438, imakwera mamita 83, ndipo ulendo wake sufika mphindi zinayi.

Anakamangiranji? Wiesbaden ndi mzinda wa akasupe a madzi otentha, ngati aja a ku Mawira ku Nkhotakota. Anthu olemera a ku Ulaya ankapitako kukasamba kuti nyamakazi iwaleke, ndipo ankafuna kukapitidwa mphepo paphiri la Neroberg osavutika ndi chitunda.

Chimene chimandigwira mtima ine ndi ichi. Mu 1939 akuluakulu a mzindawo anakonza zoti kasitimako kaziyendera magetsi, koma nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itabuka, zonse zinathera m'mapepala. Masitima ambiri a mtundu umenewu anawasintha kapena kuwatseka, koma aka kanatsala mmene kanalili. Mu 1944 kanaima, ndipo nkhondo itatha anakakonza n'kuyambanso kunyamula anthu.

Mukadzafuna kukamuona mwanayo, bambo, musadzapite nthawi ya chisanu. Kasitimako kamayenda kuyambira cha mu Epulo mpaka Okutobala, chifukwa kukazizira madzi amaundana m'thanki.