Mapu a Venice amenewo musawapaketse utoto, mayi

Mayi wina amene amakhala ku Britain wandilembera. Anagula pa msika wa zinthu zakale mapu a dera limene Venice inkalamulira, olembedwa kuti Dominio Veneto nell'Italia, a inki yakuda yokhayokha. Wogulitsayo anawauza kuti akudziwa munthu amene angawapake utoto "wooneka ngati wakale" kuti akongole ndiponso mtengo ukwere. Akufunsa ngati apaketse, komanso mmene angadziwire kuti mapuwo ndi akale enieni.

Mayi, mwandikanda pachilonda.

Pamene ndinali pa sukulu ku England ndinkagwira ganyu mu shopu ina yopanga mafelemu a zithunzi. Ntchito yanga inali kudula galasi, kudula makatoni, kusesa. Koma bwana wathu ndalama zake zenizeni sizinkachokera ku mafelemu. Kuseri kunali kachipinda kokhala ndi madilowa otakata, ndipo mmenemo ndi mmene munkagona mapu. Tsiku lina anabwera ndi buku lalikulu la mapu losindikizidwa ku Germany m'zaka za m'ma 1700, chikuto chake chachikopa chitatheratu m'makona. Ndinaganiza kuti akufuna kulikonza. Anatenga mpeni woonda, nayamba kudula ulusi wa kumsana kwake, tsamba ndi tsamba, akuimba mluzu. Atandiona nditangoti kakasi anandifotokozera masamu ake mokoma mtima ndithu: buku lathunthu lingakhale pashelefu mpaka iye atakalamba, poti ogula zotere ndi ochepa, koma masamba amapita msangamsanga. A Italy ndiwo ankayamba kutha. Aliyense amene anakachita holide ku Florence kapena ku nyanja ya Como ankafuna kachidutswa kopachika pabalaza.

Masamba ena opanda utoto, ochokera m'mabuku ena, ankatumizidwa kwa mdala wina wa kumudzi amene ankapaka ndi utoto wosungunula m'madzi. Dzanja anali nalo, zimenezo sindingamunamizire. Koma tsamba lina la dziko la Milan linabwerako litapakidwa pinki mpaka kumeza mzinda wa Bergamo. Ine nthawi imeneyo ndinali nditayamba kuwerenga mbiri ya malo amenewa chifukwa chowaona tsiku lililonse, ndiye ndinawauza bwanawo kuti Bergamo sanali wa Milan. Anali wa Venice kuyambira 1428 mpaka 1797. Malinga amene azungulira mzinda wa pamwamba pa phiri anayamba kumangidwa ndi Venice mu 1561, ndipo mkango wa Marko Woyera, chizindikiro cha Venice, ulipobe pa zipata zake. Wozokota mapuwo anali ataika timadontho ta malire pamalo pake, motsatira mtsinje wa Adda, koma mdalayo anangodutsapo ndi burashi. Bwana anayang'ana, naseka, nati kasitomala akufuna chogwirizana ndi makatani ake.

Tsamba limenelo ndinaliika mu felemu ndi manja angawa, ndipo linagulidwa.

Chimene anthu ambiri samvetsa ndi chakuti pa mapu a Italy wakale utoto sunali wokongoletsa chabe. Dziko lotchedwa Italy kunalibe. Ufumu wa Italy unalengezedwa mu 1861, Venice inalowamo mu 1866, Rome mu 1870. Izi zisanachitike, chinalipo ndi zigamba: Venice ndi Genoa ndi Lucca zodzilamulira popanda mfumu yobadwira, Milan amene anakhala m'manja mwa Spain kuyambira 1535 kenaka Austria, Tuscany wa banja la Medici, Mantua wa a Gonzaga, Parma wa a Farnese, Modena wa a Este, Savoy kumapiri, dziko la Papa pakati, ufumu wa Naples kumwera. Malire ankakhotakhota, ankasintha ndi maukwati, maliro ndi nkhondo. Ferrara anali wa a Este mpaka 1598, pamene Papa anaulanda chifukwa kunalibe wolowa m'malo amene iye anamuvomereza. Urbino anapita njira yomweyo mu 1631. Pa mapu anuwo, mayi, yang'anani kamzinda ka Crema: kanali ka Venice, koma katazunguliridwa pafupifupi mbali zonse ndi nthaka ya Milan. Kamzere ka utoto ndi kamene kankauza wowerenga kuti apa msonkho umapita kwa uyu, apo kwa uyo. Amene anakulira kumudzi akudziwa zimene zimachitika munthu akasuntha malire a munda ndi mzere umodzi wokha. Wopaka wa lero amene sadziwa mbiri amachita zomwezo, kungoti palibe nyakwawa yokamsumira.

Ndikudziwa zimene ogulitsa mapu angandiyankhe, ndipo si zopanda pake. Adzati utoto chiyambire unali wowonjezera. Makina ankasindikiza chakuda chokha. Wogula ankasankha yekha, kutenga buku lopanda utoto motchipa kapena kulipira zambiri kuti lipakidwe pamanja. Abraham Ortelius wa ku Antwerp, amene buku lake la mapu la 1570 limatengedwa ngati loyamba la mtundu wake, anayamba ntchito ngati wopaka mapu, ndipo mlongo wake Anna ankapakanso. Ku Amsterdam kunali akatswiri ngati Dirk Jansz van Santen amene ankafika poika golide. Ndiye, iwo amati, chalakwika n'chiyani wina akamaliza lero ntchito imene mwini woyamba analibe ndalama zoichitira? Osonkhanitsa mapu ambiri amavomereza utoto watsopano bola wogulitsa anene poyera.

Kale ndikanati chabwino, bola anene poyera. Pano ayi. Poyamba, amanena poyera ndi wogulitsa woyamba yekha. Mapu akadutsa m'manja mwa anthu angapo mawu aja amagwera m'njira, n'kusanduka "utoto wakale". Ndipo mwamva nokha zimene wakuuzani wanuyo: wooneka ngati wakale. Cholinga chake ndi chimenecho. Chachiwiri, utoto ukalowa m'pepala la nsanza la zaka pafupifupi 400 sutulukanso wonse. Inu mwakhala nawo mapuwa kanthawi kochepa, ndipo adzakhalapo inu ndi ine titapita. Munthu wongodutsa alibe ufulu wochita chinthu chosabwezeka. Ena adzati ndikuuma mutu. Ndiume.

Komanso akatswiri a ku Italy enieniwo sankasamala kwambiri za utoto. Mapu a Vincenzo Coronelli, wansembe wa chipani cha Franciscan amene anali wojambula mapu wa boma la Venice ndipo anapangira mfumu Louis XIV ya France mipira iwiri ikuluikulu ya dziko ndi thambo, kawirikawiri amapezeka akuda okha. Iye ankazokota mizere yothinana kwambiri moti utoto umangoiphimba. Ndiye pali Giovanni Antonio Magini, munthu amene ndimamumvera chisoni. Ndiye anapatsidwa mpando wophunzitsa masamu pa yunivesite ya Bologna mu 1588, mpando umene Galileo ankaufunanso. Anatha zaka zoposa 20 akusonkhanitsa mapu a chigawo chilichonse cha Italy, akupempha kwa akalonga amene ambiri ankaona mapu a dziko lawo ngati chinsinsi cha nkhondo. Anamwalira mu 1617 buku lisanatuluke. Mwana wake Fabio ndiye analitulutsa mu 1620. Atatero osindikiza a ku Amsterdam, a Blaeu ndi a Janssonius, anakopera ntchito yake, naikongoletsa, naigulitsa Ulaya yense. Mutu wa mapu anuwo uli m'Chitaliyana ngakhale kuti mwina anasindikizidwa ku Holland, ndipo chifukwa chake n'chimenecho. Lero anthu amati "mapu a Blaeu". Thukuta linali la Magini.

Akale kapena ayi?

Achotseni mu felemu ngati ali mu felemu, ndi manja osamba ndi ouma, muwaike pakati pa inu ndi windo. Pepala la nthawi imeneyo linkapangidwa pamanja kuchokera ku nsanza, pa sefa ya waya, choncho mudzaona timizere tambiri tothinana ndi mizere ina yotalikirana yodutsa mopingasa, mwinanso chizindikiro cha wopanga pepala. Pepala losalala lopanda mizere linayamba cha m'ma 1750 ndipo linafala cha m'ma 1800. Mapu onena kuti ndi a 1640 pa pepala lotero akunama. Yendetsani chala m'mphepete mwa chithunzi: mbale ya mkuwa imene ankazokotapo mapu inkasiya kamphako kozungulira pamene makina anaikanikiza. Pakati payenera kukhala mkwinya wopinda, ndipo kumbuyo kwake zotsalira za kapepala kamene kankalumikiza tsamba ku buku. Kumbuyo kwa mapu a Blaeu nthawi zambiri kumakhala mawu osindikizidwa, m'Chilatini, Chidatchi, Chifalansa, Chijeremani kapena Chisipanishi, ndipo chilankhulocho chimathandiza odziwa kunena chaka, poti mbale imodzi inkagwira ntchito zaka zambiri. Mukatenga galasi lokulitsa zinthu n'kuona timadontho tandondomeko ngati ta chithunzi cha m'nyuzipepala, ndi kope la makono. Akuba anzeru amadziwa kupanga kamphako kabodza, choncho chizindikiro chimodzi chisakukhutiritseni.

Kwa ena amene mukuwerenga muli ndi mapu opakidwa kale: tembenuzani. Utoto wobiriwira wakale unkapangidwa ndi dzimbiri la mkuwa, ndipo pakapita zaka umadya pepala, n'kuoneka kumbuyo ngati mthunzi wofiirira, nthawi zina mpaka kung'alula. Chimene chimawononga mapu ndi chomwecho chimene chimachitira umboni. Koma nawonso ena amatsanzira. Kalembedwe ka nyumba yosindikiza kamathandizanso: a Homann a ku Nuremberg ankapaka dziko lonse pinki, chikasu kapena chobiriwira koma chithunzi cha pakona chozungulira mutu ankachisiya chakuda nthawi zambiri. Mukaona cha Homann chitapakidwa mpaka masaya a angelo, funsani mafunso.

Za mpeni uja sizinandichoke. Masamba ambiri opachikidwa pakhoma anachokera m'mabuku amene wina anapha. Mabuku a mizinda a Braun ndi Hogenberg, amene anatuluka ku Cologne pakati pa 1572 ndi 1617, ndi a mizinda ya Italy a Joan Blaeu a 1663, adulidwadulidwa chifukwa chithunzi cha Venice kapena Naples chokha chimagulidwa bwino. Ndipo pamene tsamba lili ndi msika, akuba sasowa. Mu 2005 wogulitsa mapu wotchuka, Forbes Smiley, anagwidwa ku laibulale ya Beinecke ya yunivesite ya Yale atagwetsa kalezala pansi, ndipo pambuyo pake anavomera kuti anaba mapu 97 m'malaibulale osiyanasiyana. Mu 2012 zinadziwika kuti laibulale ya Girolamini ku Naples inkabedwa ndi mkulu wake yemwe. Sindikunena kuti anu ndi obedwa. Ambiri anadulidwa kalekale. Koma mukaona pakona pali malo ofufutidwa kapena pokwechedwa ngati panali chidindo, musanyalanyaze. Amene mungafike ku Rome, kaoneni khonde la mapu ku Vatican limene Ignazio Danti anajambula pakhoma kuyambira 1580, mapu 40 mu khonde la mamita 120. Amenewo palibe angawadule n'kuwagulitsa chimodzichimodzi.

Tsono mayi, musapaketse. Musachape, musasite, selotepi asayandikire. Pitani nawo kwa wogulitsa mapu wina, osati yemwe uja, kapena kwa wokonza mapepala akale, akawaone ali kunja kwa felemu. Popangitsa felemu nenani kuti mukufuna katoni yopanda asidi ndi galasi lotchinga kuwala kwa dzuwa, pepala lisakhudze galasi, ndipo lisamatidwe ndi guluu pa bolodi. Pachikani pa khoma la mkati, kutali ndi heater, khitchini ndi chinyezi cha nyumba za kumeneko. Ngati pabalaza pakufunikadi mitundu, gulani kope lamakono lopakidwa kale, ndi lotchipa.