Chithunzi cha pulojekita chikangoti mbuu, muyambire pati?

Kalata imene ndikuyankha lero yachokera kwa bambo wina wa kwathu amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Anagula pulojekita ya babu kwa munthu amene anali ataigwiritsapo kale ntchito, ndipo amaonetsera pakhoma la pabalaza. Akuti mpira umaonekako bwino, koma akaika filimu, nkhani ikafika pa zochitika usiku, nkhope za anthu zimamira mumdima. Atakweza Brightness, chithunzi chonse chinangoti mbuu. Ndiye akufunsa kuti: "Kodi ndinagula chinthu chakufa, kapena pali manambala amene ndiyenera kuika mu menyu?"

Bambo, zikomo polemba. Pa zimene mwafotokozazi sindikuonapo chizindikiro choti makinawo ndi akufa. Koma manambala sindikupatsani, ndipo amene mungawapeze pa intaneti musawadalire, chifukwa anayesedwa m'chipinda cha munthu wina, pa sikirini ina, ndi babu imene yayaka maola ena.

Gwirani kaye ichi: pulojekita imaponya kuwala kokha, siponya mdima. Pamene chithunzi chikuyenera kuda, iyo imangochepetsa kuwala pamalopo, ndipo chimene maso anu amaona ndi khoma lenilenilo mmene lilili m'chipindamo. Madzulo ano, pa nthawi imene mumaonera, zimitsani pulojekita n'kuyang'ana khomalo. Ngati likuoneka lotuwa chifukwa cha getsi la m'khonde kapena kuwala kwa mumsewu kolowera pa katani yopyapyala, dziwani kuti chithunzi chanu sichingade kuposa pamenepo, ngakhale mutadina mabatani onse a rimoti. Ntchito yoyamba ili m'chipinda: makatani okhuthala, magetsi ozimitsa. Ngakhale mutatero, siling'i yoyera ndi matailosi onyezimira zimabweza kuwala kwa chithunzicho kukhoma komwe kuja, n'chifukwa chake kapeti yakuda yoyala patsogolo pa khoma imathandiza kwambiri. Penti nayo ili ndi mbali yake. Ya mtundu wa kirimu imasandutsa zoyera kukhala zachikasu, ndipo yonyezimira imapanga chibanga chowala pakati. Ngati nyumbayo ndi ya lendi ndipo simungapente, sikirini yoyera yosanyezimira ndi ndalama yosataya.

Kukula kwa chithunzi nako kumadya kuwala. Ambiri timafuna kudzaza khoma lonse, koma mukawirikiza kawiri m'lifupi mwa chithunzi, kuwala komwe kuja kumagawika pa malo aakulu kanayi. Sendezani pulojekita pafupi pang'ono muone kusiyana kwake.

Tsopano menyu. Yatsani makina, babu itenthe kwa mphindi 20 kapena 30 musanasinthe kanthu. Pa Picture Mode kapena Color Mode, chokanipo pa Dynamic, Vivid kapena Bright. Zimenezo ndi za m'chipinda cha msonkhano momwe magetsi akuyaka, ndipo kawirikawiri zimathira chithunzi kamtundu kobiriwira. Sankhani Cinema, Movie kapena Natural. Makina ena atsopano ali ndi Filmmaker Mode, imene bungwe la UHD Alliance linalengeza mu 2019, ndipo ikakhalapo ndi poyambira pabwino. Poyamba mudzaona ngati chithunzi chazilala. Musafulumire kubwerera, maso amazolowera.

Brightness imene munakweza ija ntchito yake ndi kusintha kuda kwa mbali zakuda, n'chifukwa chake usiku unasanduka nkhungu. Imene imalamulira mbali zoyera ndi Contrast. Mu vidiyo ya pa TV ndi ya mafilimu, pa muyeso wa kuwala woyambira 0 mpaka 255, kuda kwenikweni kuli pa nambala 16 ndipo kuyera kuli pa 235. Pali zithunzi zoyesera zaulere zotchedwa AVS HD 709, zimene zimaonetsa timizere tothwanima tokhala ndi manambala amenewa. Tsitsani Brightness mpaka mzere wa 16 ndi ya m'munsi mwake itazimiririka, koma wa 17 ukhale ukuonekabe pang'onong'ono. Pa Contrast, mizere ya 230 mpaka 234 izisiyanitsika ndi choyera cha kumbuyo kwake. Ngati zithunzizo mulibe, imitsani filimu pamene munthu wavala jekete yakuda usiku. Yang'anani malamba akuda a pamwamba ndi pansi pa chithunzi, kwezani Brightness mpaka atatuwa, kenako tsitsani kamodzikamodzi mpaka atasiya kuda mowonjezera. Imani pomwepo. Kolala ndi makwinya a jekete ziyenera kuonekabe. Contrast muiyesere pa shati yoyera: mabatani ndi mapindiro zikasowa n'kungoti mbee, mwapyola.

Simunanene chimene mumalumikiza, koma ngati ndi laputopu, ine ndikukayikira kwambiri apa. Kompyuta nthawi zambiri imatumiza chithunzi kuyambira 0 mpaka 255. Pulojekita ikakhala ikuyembekezera 16 mpaka 235, chilichonse cha m'munsi mwa 16 imachisandutsa chakuda bii, ndiye tsitsi, ndevu ndi mthunzi wa pankhope zimaphatikana. Zikasemphana mbali inayo, zonse zimatuwa. Fufuzani HDMI Range kapena RGB Range mbali zonse ziwiri, zigwirizane: Limited ndi Limited, kapena Full ndi Full. Makina ena amalemba Normal ndi Expanded. Konzani izi musanakhudze Brightness.

Chimene munkafuna, choti nkhope ziwale koma usiku ukhalebe usiku, chimachitidwa ndi Gamma. 2.4 ndi ya chipinda cha mdima weniweni. Pabalaza ngati lanu ikani 2.2, ndipo ngati kuwala kukulowabe tsikani pang'ono.

Pa Color Temperature sankhani 6500K, kapena Warm ngati manambala palibe, chifukwa mafilimu amakonzedwa pa kuyera kumeneko. Color muiyesere pa khungu la munthu, osati pa udzu wa m'bwalo la mpira. Apa ndimalimbikira kwambiri, poti khungu lathu ndi limene limavutika chithunzi chikasokonekera. Lili ndi mitundu yambiri, pamphumi ndi pamasaya powala, m'munsi mwa chibwano moderapo, ndipo zonsezo zimakhala kufupi ndi mbali yakuda kumene kulakwitsa pang'ono kumafufuta zambiri. Imitsani pa nkhope ya woulutsa nkhani amene mumamuona kawirikawiri. Ikafiira psuu, tsitsani Color. Ikatuwa ngati ya wodwala, kwezani pang'ono.

Zotsalazi n'zachidule. Sharpness itsike mpaka timizere toyera tozungulira zilembo titachoka, ndipo kuoneka bwino kwenikweni muzikupeza potembenuza lenzi. Keystone, imene imawongola chithunzi chopendekeka, imafinya chithunzicho n'kutaya tsatanetsatane, ndiye ikani pulojekita moongoka, ndipo ngati ili ndi Lens Shift, yosuntha chithunzi posuntha lenzi yokha, gwiritsani ntchito imeneyo. Frame Interpolation, yowonjezera zithunzi pakati kuti zoyenda zizioneka mosalala, imene Sony amaitcha Motionflow, muziizimitsa pa mafilimu, amene amajambulidwa zithunzi 24 pa sekondi. Pa mpira mutha kuisiya. HDR, mtundu wa vidiyo wokonzedwera sikirini zowala kwambiri, ikamaoneka yakuda kwambiri, izimitseni pa chipangizo chotumizira. Sikirini ya ku holo ya kanema imawala manits 48 (nit ndi muyeso wa kuwala), pamene mafilimu ambiri a HDR amakonzedwa pa manits 1,000 kapena kuposa, ndipo pulojekita ya pakhomo singafike kumeneko.

Pali china chokhudza inuyo makamaka. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo makampani ngati Epson amalangiza kuyatsa High Altitude Mode kuyambira pa mamita 1,500, chifukwa mpweya wa kumtunda suziziritsa makina mokwanira. A ku Dedza nawonso amve. Fani idzasokosera, koma babu idzatetezeka. Chotsani fumbi pa sefa ya mpweya, kenako onani maola a babu pa Info. Babu imazilala ikamakalamba, ndipo nambala ya maolayo munthu atha kuibweza pa 0, choncho pa makina ogula kwa wina khulupirirani maso anu. Ngati mwachotsa babu pa Eco, imene imachepetsa kuwala, n'kuika pa Normal, chipinda chili mdima, koma chithunzi chikadali chofooka, gulani babu yatsopano ya nambala yolembedwa m'buku la pulojekita yanu. Mukaiika, mubwerezenso Brightness ndi Contrast, chifukwa zimene munaika pa babu yakale sizidzagwirizananso nayo.