Manyuchi a tiyi wa masala: chimene chinawononga anu, ndi mmene ine ndimapangira

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe amene amawerenga zimene ndimalemba pano. Akuti anamwa chai latte pa malo ena ogulitsira khofi, anakomedwa naye, ndipo atafunsa anauzidwa kuti amangothira manyuchi a m'botolo mu mkaka wotentha. Atafika kunyumba anayesa kupanga okha. Anathira masamba a tiyi, shuga, sinamoni wa ufa ndi jinja wa ufa m'poto, n'kuwiritsa zonse pamodzi kwa theka la ola. Zimene zinatuluka zinali zowawa, zonanda ngati therere, ndipo sabata isanathe pamwamba pa botolo panali patamera chuku. Funso lawo ndi lakuti: ndinalakwitsa pati, nanga manyuchiwa angasungike popanda furiji, popeza kwathu magetsi amazimazima?

Achemwali, zikomo pondilembera. Musataye mtima, chifukwa zonse zitatu zimene zinakuchitikiranizi zili ndi chozichititsa chodziwika, ndipo zonse ndi zokonzeka. Gwero lake ndi limodzi: munaika zinthu zitatu pamoto umodzi kwa nthawi yofanana, pamene chilichonse chili ndi nthawi yakeyake. Zonunkhiritsa zimafuna moto wautali. Masamba a tiyi safuna moto, amafuna madzi otentha kwa mphindi zochepa basi. Shuga amabwera pomaliza, zina zonse zitasefedwa.

Ndiyambe ndi kuwawa. M'masamba a tiyi muli zinthu zotchedwa ma tannin, zomwe zimaumitsa m'kamwa monga zimachitikira mukaluma nthochi yosapsa. Fungo labwino ndi mtundu wofiirira uja zimatuluka msanga, m'mphindi zinayi kapena zisanu zoyambirira. Mukapitiriza, chimene chimawonjezereka ndi kuwawa kokha. Mwina mudzati, nanga bwanji amwenye amawiritsa tiyi wawo mpaka kufufuma kangapo koma sawawa? Yankho lake ndi mkaka. Iwo amawiritsa masamba limodzi ndi mkaka, ndipo mapuloteni a mu mkakawo amagwira ma tannin aja n'kuwafewetsa. M'manyuchi anu munalibe mkaka, choncho kwa theka la ola panalibe chotchinga kuwawako.

Kunanda kuja ndi ntchito ya sinamoni wa ufa. Sinamoni ndi khungwa la mtengo, ndipo khungwalo likaperedwa n'kukhala ufa, likaphikidwa m'madzi limatulutsa utomoni woterera. Sefa ya tiyi siigwira ufa wotero. Umadutsa, n'kukakhala matope pansi pa botolo. Ndiye lamulo langa loyamba ndi ili: pa manyuchi, gulani zonunkhiritsa zathunthu, osati zaufa. Timitengo ta sinamoni, cardamom wa m'makoko ake obiriwira, ma clove athunthu, njere za tsabola wakuda, ndi jinja wamuwisi wa pamsika. M'mashopu a amwenye ku Limbe kapena ku Old Town ku Lilongwe mudzazipeza. Cardamom mukamufunsa ndi dzina lakuti elaichi adzakumvani msanga.

Ndinene pang'ono za kumene chakumwachi chinachokera, chifukwa zikukhudza masamba amene muyenera kugula. Ku India mawu akuti chai amangotanthauza tiyi, ndipo masala ndi msakanizo wa zonunkhiritsa. Abale athu a ku Tanzania nawonso amati chai. Mawu awiriwa, chai ndi tiyi, onse kwawo ndi ku China: cha anayenda pamtunda kudzera kwa Aperezi, pamene te, mmene amatchulira anthu a m'mbali mwa nyanja m'chigawo cha Fujian, anayenda pa zombo za Adatchi mpaka ku Ulaya, n'kudzatipeza ife kudzera m'Chingerezi. Angerezi atatsegula minda ikuluikulu ya tiyi ku Assam m'zaka za m'ma 1800, tiyi wambiri ankapita kunja. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 bungwe la Indian Tea Association linayamba kulimbikitsa amwenye enieniwo kuti azimwa tiyi, m'mafakitale ndi m'masiteshoni a sitima. Ogulitsa a m'misewu, amene amatchedwa chaiwala, ndi amene anauzika mwambo wothira mkaka wambiri, shuga ndi zonunkhiritsa. Chinadzatsitsa mtengo ndi makina odula ndi kupota masamba kukhala tinjere ting'onoting'ono, otchedwa CTC, amene William McKercher anawapanga ku Assam cha m'ma 1930. Tiyi wa tinjereyu ndi wamphamvu, amatulutsa mtundu msanga, ndipo samira mu mkaka. Zoika chai m'botolo ngati manyuchi n'zatsopano, zinafala m'malo omwera khofi a ku America m'zaka za m'ma 1990.

Chifukwa chake ndakuuzani zonsezi n'chakuti simufunika kufunafuna tiyi wodula wochokera kunja. Tiyi wathu wa ku Thyolo, Mulanje ndi Nkhata Bay, masamba wamba odulidwa tizidutswa amene timagula pa golosale, ndi mtundu womwewo umene chai amafuna. Dziko lathu lakhala likulima tiyi kuyambira m'ma 1890, pamene Henry Brown anabzala ku Mulanje, ndipo tiyi wa kuno amadziwika kunja chifukwa cha kufiira kwake kowala. Ine ndimagwiritsa ntchito Chombe wa masiku onse. Tiyi wofewa wa masamba athunthu, monga Darjeeling, amasowa pakati pa jinja ndi ma clove, mumangotaya ndalama.

Tsopano tilowe kukhitchini. Tengani timitengo tiwiri ta sinamoni totalika ngati chala, makoko 12 a cardamom, ma clove 6, ndi njere 10 za tsabola wakuda. Zithyoleni pang'ono m'kamtondo, osazisinja kukhala ufa ayi, kungoti makoko a cardamom atseguke ndipo njere zakuda za m'kati zionekere. Kenako zikazingeni pa chiwaya chouma, moto wochepa, mphindi imodzi kapena ziwiri, mukuvundula. Fungo likangodzaza m'nyumba, phulani. Apa m'pamene pamafunika maso, chifukwa ma clove akapserera amawawitsa poto yense ndipo palibe chobweza. Ngati mukuphika pa mbaula, dikirani makala ayambe kuyera phulusa.

Jinja dulani chidutswa chachikulu ngati zala ziwiri za manthu, mutsuke bwino, mumudule mopyapyala kapena mumutswanye. Kusenda sikofunika ngati khungu lake lili loyera. Thirani makapu atatu a madzi m'poto, ndikunena kapu ya mamililita 250, ikani jinja ndi zokazinga zija, ndipo zikawira chepetsani moto kuti zizingobwata pang'onopang'ono kwa mphindi 20, chivundikiro chili chopendekeka. Musadumphe kuwiritsa jinjayu. Jinja wamuwisi ali ndi enzyme imene imadula mkaka, moti kum'mwera kwa China amapangira dala chakudya cha mkaka woundana pogwiritsa ntchito madzi a jinja. Kuwiritsa kumapha mphamvu imeneyo, ndiye tiyi wanu sadzachita zibuluma.

Mphindi 20 zikakwana, phulani poto pamoto. Pamenepo m'pamene muthire masamba a tiyi, masupuni aakulu atatu odzaza. Vundikirani, muwerenge mphindi zisanu, osapitirira. Sefani pa sefa yoyala kansalu koyera pamwamba pake, ndipo musafinye masambawo ndi supuni ngakhale mtima ukukuuzani kuti mukutaya zabwino. Zotsalira m'masambamo ndi kuwawa komwe kuja. Mudzatsala ndi madzi oderapo okwana pafupifupi makapu awiri. Yezani, chifukwa muyezo wa shuga ukudalira pamenepa.

Bwezerani madziwo m'poto wotsuka, thirani shuga wofanana nawo, kapu ya shuga pa kapu ya madzi, n'kuika pamoto wochepa mukuvundula mpaka shuga yense asungunuke ndi kuyamba kubwata. Mphindi ziwiri kapena zitatu zakwana. Musadikire kuti akhuthale pamoto ngati mukupanga jamu. Manyuchi amakhuthala okha akamazizira. Ine ndimakonda shuga wofiirira uja wa ku Nchalo ndi Dwangwa amene tonse tili naye m'nyumba, chifukwa kakomedwe kake ka mzimbe kamagwirizana ndi sinamoni. Ku India ambiri amathira jaggery, shuga wa mzimbe wosayeretsa wowumbidwa ngati mwala, ndipo shuga wathu wofiirira amayandikirako kuposa woyera. Kamchere kotsina ndi zala ziwiri kamadzutsa zonse.

Pomwa, masupuni aakulu awiri m'kapu ya mkaka wotentha, kapena theka mkaka theka madzi. Mkaka wa ufa umagwiranso bwino. Thovu lija munaliona pamwamba pa chai latte uja mungalipange pothira mkaka wofunda m'botolo lotsekeka n'kulikhutchumula, kapena pomatsanula tiyi kuchokera m'kapu ina kupita m'inzake mutakweza dzanja, monga amachitira ogulitsa tiyi kum'mwera kwa India. Mu Okutobala dzuwa likamaswa mtengo, manyuchi omwewa amakoma mu mkaka wozizira. Ana anga amawathira m'phala, koma usiku sindiwapatsa chifukwa caffeine wa m'masamba amakhalamo ndithu.

Tibwere ku chuku ndi nkhani ya furiji, imene ndikuona kuti ndiyo yakuvutitsani kwambiri. Chimene chimasunga manyuchi ndi shuga. Shuga akachuluka amagwira madzi, tizilombo n'kusowa madzi oti tikulire. Muyezo wa kapu pa kapu uja si wokwanira kuteteza manyuchi kunja kwa furiji. M'furiji amakhala masabata atatu kapena anayi, koma pa shelefu m'nyengo yotentha masiku ochepa okha. Ufa umene unatsalira m'botolo lanu unafulumizitsanso kuwonongekako, ndipo ndikukayika ngati botololo linawiritsidwa. Botolo likhale lagalasi, liwiritsidwe m'madzi limodzi ndi chotsekera chake kwa mphindi 10, liume lokha mozondoka, ndipo manyuchi muwathire akadali otentha botolo nalonso lili lofunda, kuopa kuti lingasweke. Potunga muzitsanulira pa supuni, osalowetsa supuni imene yakhudza mkaka. Ndipo mkaka usalowe m'botolomo ngakhale dontho.

Ngati magetsi amangozima kwa maola angapo n'kuyakanso, musadandaule, manyuchi a shuga sawonongeka msanga ngati nyama, bola furiji isamatsegulidwetsegulidwe. Koma ngati furiji mulibe, kapena magetsi amatha tsiku lonse kawirikawiri, wirikizani shuga: makapu awiri pa kapu imodzi ya madzi. Apa pali chinthu chimene ambiri sachinena. Manyuchi oterewa ndi otsekemera kwambiri, ndiye m'kapu mudzathira supuni imodzi yokha, kutanthauza kuti fungo nalonso lidzachepa. Choncho mukawirikiza shuga, wirikizaninso masamba ndi zonunkhiritsa, apo ayi mudzamwa mkaka wa shuga wongonunkhirako patali. Ngakhale zitatero, ine kunja kwa furiji sindiwasunga kupitirira sabata imodzi, ndipo ndimaika botolo pamalo ozizira opanda dzuwa. Pangani ochepa, theka la muyezo ndakupatsaniwu. Mukaona chuku, thovu, kapena mukamva fungo lowawasa ngati la thobwa logona, tayani onse. Osayengula pamwamba n'kumwa otsalawo.

Kunena zoona, kwa munthu wopanda furiji ndimalangiza njira ina, imene ndi ya eni ake a chakumwachi. Kazingani zonunkhiritsa zija, muzisinje limodzi ndi jinja wouma, muzisunge m'kabotolo kouma kotsekeka bwino. Zimakhala miyezi ingapo osawonongeka. M'mawa mumathira theka la kasupuni kakang'ono ka ufawu m'madzi owira, masamba, kenako mkaka ndi shuga, n'kusiya zifufume kawiri, kusefa, basi. Apa ufa ulibe vuto chifukwa mukumwa nthawi yomweyo, ndipo masamba angawire chifukwa mkaka ulipo. Kwa ine tiyi wophika choteroyu amakoma kuposa wa manyuchi, ali ndi thupi, chifukwa mafuta a mu mkaka amatenga fungo la cardamom mwanjira imene madzi okha sangathe. Njira imeneyi ndi yabwinonso kwa amene ali ndi matenda a shuga, popeza aliyense amadzithirira shuga yekha kapena kumusiya. Manyuchi phindu lake ndi changu: m'mawa wa chiperoni mu Juni, ana akuchedwa kusukulu, kapena alendo akakufikirani mwadzidzidzi.

Za muyezo wa zonunkhiritsa musamangike ndi wanga. Ku India nyumba iliyonse ili ndi masala akeake, ena amangothira jinja ndi cardamom basi, ena amawonjezera fennel kapena star anise. Chimodzi chokha ndikupemphani: ma clove musachulutse, ndi aukali ndipo amachititsa dzanzi lilime. Cardamom ndi wodula, ali m'gulu la zonunkhiritsa zodula kwambiri pa dziko lonse limodzi ndi saffron ndi vanila, koma ndi amene amapatsa chai fungo lija munalikonda, ndiye ngati ndalama zachepa, siyani zina mugule iyeyo ndi jinja. Sinamoni amene timapeza kwambiri kuno ndi wa khungwa lokhuthala lolimba, wotchedwa cassia, ndipo ndi wamphamvu. Mukapeza wa ku Sri Lanka, wopyapyala wokulungika ngati ndudu ndi wosavuta kuthyola, onjezani kamtengo kena chifukwa ndi wofatsa.

Yesaninso Loweruka lino ndi theka la muyezo, achemwali, ndipo wotchi ikhale pafupi pothira masamba. Mukalawa madzi aja musanathire shuga, ayenera kukhala amphamvu, oyabwa pang'ono kukhosi chifukwa cha jinja ndi tsabola, koma osaumitsa m'kamwa. Akaumitsa, ulendo wotsatira chotsani masamba pa mphindi zinayi. Mundilembere mmene zayendera, ndipo mundiuze masamba amene munagwiritsa ntchito.