Yambani ndi phokoso, mafunde abwere pambuyo

Achimwene, mwafunsa ngati munthu mmodzi wa laputopu wamba angapange gemu ya sitima yankhondo yoyenda pansi pa madzi, komanso poyambira pake. Zimatheka ndithu. Chokhacho, musayambe ndi kujambula mafunde ndi sitima zonyezimira mu 3D, chifukwa ambiri amatopera pomwepo gemu isanaseweredwe n'komwe.

Taonani kaye U-boat ya Type VII, sitima yoyenda pansi pa madzi ya Ajeremani, pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945. Ikakhala pamwamba inkayendera injini za dizilo, makilomita pafupifupi 32 pa ola. Ikamira, dizilo sangayake popanda mpweya, ndiye inkadalira mabatire, liwiro n'kutsikira pa makilomita 14 pa ola, ndipo ikathamanga chotero batire inkatha msangamsanga. M'katimo muli anthu oposa 40 akupuma mpweya umodzimodzi womwe ukunka nuipa. Kapitawo ayenera kusankha: atulukire pamwamba kuti atchaje mabatire ndege n'kumuona, kapena apirire pansi. Ife a ku Mzuzu timakudziwa kusunga chaji cha foni magetsi akazima madzulo. Nkhawa imeneyo ndi imene wosewera ayenera kuimva.

Tengani Godot, pulogalamu yopangira magemu. Ndi yaulere, siidya bandulo ngati inzake ya Unreal, ndipo imayenda pa makina ofooka. Gemu yanu yoyamba ikhale sikirini yakuda, kadontho ka sitima yanu pakati, bwalo la madigiri 360, ndi sitima ya mdani yosaoneka. Wosewera avale mahedifoni, azizunguliza hydrophone, chipangizo chomvetserera phokoso m'madzi, mpaka amve kugunda kwa injini, gu gu gu, chapatali. Alembe mbali imene phokosolo likuchokera, adikire mphindi zingapo, alembenso. Mizere itatu kapena inayi imuthandize kuganizira kumene mdaniyo akulowera, kenako aponye torpedo, bomba loyenda m'madzi, kutsogolo kwake, osati pamene ali panopa. Masamu ake ndi sine ndi cosine omwe aja a ku sekondale. Izi zikakoma pa sikirini yakuda, zidzakomanso mukadzaika zithunzi za 3D zojambulidwa ndi pulogalamu ya Blender. Zikapanda kukoma, zithunzi sizipulumutsa kanthu.

Phokoso lipatseni nthawi yambiri. M'madzi limayenda mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi, kuposa kanayi mmene limayendera mumpweya, ndipo limafika kutali. Sitima yanu ikathamanga, izidzigonthetsa yokha ndi phokoso lake komanso izimveka kwa adani. Ma torpedo akhalenso mitundu iwiri ngati mmene zinalili: G7a inali yaliwiro koma inkasiya mzere wa thovu pamadzi, pomwe G7e ya batire inali yochedwerapo koma yosasiya chizindikiro. Musaiwale batani lofulumizitsa nthawi, poti palibe angakhale maola asanu ndi limodzi akudikira sitima imodzi.

Ine ndikanakonda wina adzagwiritse ntchito nyanja yathuyi. Sitima zoyenda pansi pa madzi sizinamenyanepo pa Nyanja ya Malawi, koma mu Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi ya Gwendolen inaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania. Chakumpoto kuno nyanjayi imazama mamita pafupifupi 700. Nkhani yopeka yoyambira pa doko la Nkhata Bay ingakope anthu kuposa ya pa nyanja ya Atlantic yomwe magemu a Silent Hunter III ya 2005 ndi UBOAT anaichita kale.

Ntchito yanu muziikankhira pa GitHub, malo osungirako ntchito za mapulogalamu pa intaneti, tsiku lililonse, laputopu ikhoza kufa. Ikayamba kuseweredwa, ikani pa itch.io, webusayiti yofalitsirapo magemu, n'kwaulere. Steam, msika wa magemu pa intaneti, imafuna madola 100 pa gemu iliyonse, ndiye ndi mmene ndalama zakunja zikuvutiramu, idikire kaye. Pezani anzanu awiri kapena atatu a ku Mzuni, muwapatse mahedifoni, inu mukhale kumbuyo osawauza chilichonse. Pamene asokonezeka mpaka kuvula mahedifoni, lembani, mukakonze pamenepo. Mukafika pa hydrophone, tumizani kavidiyo m'gulu muno tikuthandizeni kumvetsera.