Funsani Dokotala wa Ziweto: Galu wanga wachikuda wasiya kudya

Adokotala, galu wanga wachikuda watha sabata osadya. Akungogona, ndipo mkodzo wake ukuoneka ngati tiyi wopanda mkaka. Ndinamumwetsa LA yotsala ya mwana ndi panado koma palibe chasintha. Agalu achikuda sadwaladwala, ndiye kodi sanamudyetse chiphe? Ana anga amasewera naye. Bambo wa ku Chilomoni.

Bambo, pa nkhani ya anayo mtima ukhale m'malo. Za chiphe sindingatsutsiretu galuyo ndisanamuone, koma zomwe mwafotokozazi zikuloza ku tizilombo ta m'magazi tobwera ndi nkhupakupa, makamaka Babesia. Mwana sangatitenge posisita galu. Tizilomboti timalowa m'maselo ofiira a magazi n'kumawaswa, n'chifukwa chake mkodzo wada choncho. Mutukuleni mlomo muone nkhama: zikakhala zotuwa kapena zachikasu, magazi amuthera. Muyang'anenso m'makutu ndi pakati pa zala, nkhupakupa zimabisala mmenemo.

Zoti wachikuda sadwala ndimazimva kawirikawiri, ndipo zapha agalu ambiri. Inde, amene analumidwa kuyambira ali kamwana amapirira kuposa wachizungu wongobwera kumene. Koma anzake obadwa nawo limodzi aja anapita kuti? Timangoona opulumuka. Ndipo wopulumukayo nthawi zambiri amayenda ndi tizilomboti m'thupi mwakachetechete. Ehrlichia, mtundu winanso wa tizilombo tobwera ndi nkhupakupa, amatha kubisala miyezi ngakhale zaka, kenako galu n'kuyamba kuonda ndi kutuluka magazi m'mphuno. Thupi likafooka ndi njoka za m'mimba, kuyamwitsa, kapena kudya mkute wokhawokha, matenda amadzuka.

Koma bambo, sabata yathunthu? LA ndi ya malungo a anthu. Panado wa mlingo wa munthu akhoza kuononga chiwindi cha galu pamodzi ndi maselo ofiira omwe atsala ochepawo. Musayesenso kugula Berenil wa ng'ombe kuti mubaye nokha, poti mlingo ukapitirira pang'ono chabe amaononga ubongo wa galu.

Mutengereni lero lomwe kwa dokotala wa ziweto, kaya ku BSPCA, bungwe loteteza nyama la ku Blantyre, kapena wina amene muli naye pafupi. Adzatenga kadontho ka magazi kunsonga ya khutu n'kukayang'ana pa maikulosikopu, adzamuyeza pa sikelo, kenako jakisoni wolingana ndi kulemera kwake. Akakayikira Ehrlichia adzakupatsani doxycycline wa masiku 28. Mumalize onse ngakhale galu atayamba kudya. Wina magazi akachepa kwambiri amafunika kumuonjezera. Muwauze poyera za LA ndi panado zija, ndi kuchuluka kwake. Musachoke osafunsa mankhwala a nkhupakupa opangira agalu, ndipo popera musaiwale ming'alu ya khola lake, poti nkhupakupa zimaikira mazira mmenemo.